Banjo Ukulele Zakale: Ozisonkhanitsa ndi Ozikonza

Ukulele ndi kachida kokoma m'khutu, koma mawu ake sapita patali. M'chipinda cha anthu asanu kamamveka bwinobwino; muholo yodzaza, okhala kumbuyo amangoona dzanja la woimba likukwera ndi kutsika. Zaka 100 zapitazo limeneli linali vuto lalikulu kwa munthu wodyera kuimba. M'nyumba za zisudzo munalibe zokuzira mawu, ndipo kufikira 1925 ngakhale ojambula nyimbo za pagalamafoni sankagwiritsa ntchito maikolofoni. Oimba ankaunjikana kukamwa kwa chilipenga chachikulu, mphamvu ya mawu awo yokha n'kumagwedeza singano yolemba pa phula. Chida cha mawu ofooka chinkangomira m'phokoso la zinzake.

Amisiri ena anapeza njira yachidule. Anachotsa kabokosi kathabwa ka ukulele n'kuikapo kang'oma ka banjo. Khosi lalifupi lija analisiya momwemo, nsambo zinayi zija momwemonso, moti wodziwa kale ukulele sankafunika kuphunzira kanthu katsopano. Chimene chinatuluka pamenepo ndi banjo ukulele, imene ena amaitcha banjolele: yaing'ono yolowa m'chikwama, koma ikalira ngakhale wa pamzere womaliza amamva.

Mbali zake ziwirizi zinachokera kutali kosiyana. Banjo inabadwira m'manja mwa anthu a mu Africa amene anagwidwa ukapolo n'kupita nawo ku zilumba za Caribbean ndi ku America. Ankadula chipanda, kuwambapo chikopa, kulowetsamo ndodo n'kumanga nsambo, monga momwe anthu a mtundu wa Jola a ku Senegal ndi Gambia amapangira akonting mpaka lero. Ukulele kwawo ndi ku Hawaii. Mu Ogasiti 1879 sitima yotchedwa Ravenscrag inakocheza ku Honolulu itanyamula Apwitikizi oposa 400 a pachilumba cha Madeira, odzagwira ntchito m'minda ya nzimbe. Pakati pawo panali akalipentala atatu, Manuel Nunes, Augusto Dias ndi José do Espírito Santo, amene atathana ndi za kumunda anayamba kupanga timagitala ta kwawo ndi mtengo wa koa wa pazilumbapo. Mfumu Kalākaua inakakonda kachidako, ndipo chionetsero chachikulu cha ku San Francisco cha 1915 chinakafalitsa mu America monse.

Pasanapite zaka ziwiri, zida zosakaniza zija zinayamba kuoneka ku California. Dzina limene limatchulidwa kwambiri pa chiyambi chake ndi la Alvin Keech, yemwe pambuyo pake anawolokera ku London pamodzi ndi m'bale wake Kelvin n'kumagulitsa zida zolembedwa dzina lawo. M'zaka za m'ma 1920 mafakitale anazitulutsa zosawerengeka. Ku Chicago kunali Harmony, Regal, Slingerland ndi Ludwig, ku Kalamazoo kunali Gibson, ku Birmingham kunali Windsor ndi George Houghton & Sons, ndipo ku London kunali Abbott, Dallas ndi John Grey. Ludwig inali kale kampani ya ng'oma. Kupinda mkombero ndi kukunga chikopa inkadziwa, chimene chinatsala n'kuwonjezera khosi basi. Zambiri mwa zidazi zinali zotchipa, zoitanitsa papositi kuchokera m'katalogi ya Sears, zogulidwa ndi ana a sukulu za ukachenjede, kuimbidwa chaka chimodzi n'kuponyedwa kudenga. Si onse amene ankakondwa nazo. M'buku loseketsa la P. G. Wodehouse la 1934, Thank You, Jeeves, wantchito wokhulupirika amasiya ntchito chifukwa bwana wake wakana kuleka kuliza banjolele.

Ku America chidwi chinazilala pamene mavuto a chuma a 1929 anayamba ndipo maikolofoni anali atachotsa chifukwa chenicheni chokhalira ndi chida chokuwa. Ku Britain nkhani inayenda mosiyana, chifukwa cha munthu mmodzi. George Formby, wobadwira ku Wigan mu 1904, anali wanthabwala wa mano otuluka ndi kumwetulira kwa mwana, woimba tinyimbo ta matanthauzo awiriawiri. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1930 makanema ake ankakoka anthu kuposa a msangalatsi wina aliyense wa m'dzikomo, ndipo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anayenda mtunda wautali kukaimbira asilikali. Amakumbukiridwanso kuti atapita ku South Africa mu 1946, iye ndi mkazi wake Beryl sanagwirizane ndi zoti aziimbira azungu okha. Luso la Formby linali m'dzanja lamanja. Lamanzere linkadziwa magwiridwe ochepa, n'chifukwa chake ankayenda ndi zida zingapo, chilichonse chochunidwa mwakemwake, n'kumasinthasintha malinga ndi nyimbo. Koma lamanja linkagawa kugunda m'njira yofulumira ndi yodumphadumpha imene omutsanzira amavutika nayo mpaka lero. Kaimbidwe kameneko kamafuna chikopa chokungika zolimba ndi nsambo zokhala pafupi ndi khosi, ndipo izi ndi zimene wokonza aliyense ku Britain amafunsidwa kuti abwezeretse.

Formby anamwalira mu Marichi 1961, ndipo chaka chomwecho omukonda anayambitsa George Formby Society, imene imasonkhanabe ku Blackpool. George Harrison wa gulu la The Beatles anali membala. Brian May wa gulu la Queen anaphunzira kugwira nsambo pa banjo ukulele ya bambo ake, ndipo chida cha mtunduwu chimamveka pa chimbale cha gululo cha 1974, Sheer Heart Attack. Choncho msika wa zida zakalezi, makamaka ku Britain, umazungulira pa dzina la Formby. Mitundu imene iye ankaimba ndiyo imalimbiranidwa: Abbott Monarch, Ludwig Wendell Hall ya kang'oma ka mainchesi 10, ndi Gibson UB-3 ya mainchesi 8. Mu 2008 Abbott yake inagulidwa pa mapaundi 72,000 pa okushoni ya Bonhams, ndipo mu 2017 Gibson yake inapita pa mapaundi 28,500 pa okushoni ya Hansons.

Ziwerengero zimenezi zimasokoneza mitu ya anthu. Kampani ya Dallas inkagulitsa zida zolembedwa dzina la George Formby kumutu, m'magulu asanu kuyambira A wotsika mtengo mpaka E wapamwamba. Munthu akapeza chotere m'katundu wa agogo ake amaganiza kuti watola chikwama, pamene dzinalo linali lotsatsira malonda chabe ndipo Formby mwiniwake sanachione n'komwe. Chimene chimakweza mtengo ndi umboni: lisiti, kalata, chithunzi choonetsa chida chenichenicho ndi zipsera zake chili m'manja mwa mwiniyo. Palinso chisokonezo china. Fakitale ngati ya Houghton inkapangira masitolo ambiri, sitolo iliyonse n'kumata dzina lake, moti zida zisanu za mayina asanu zikhoza kukhala zochokera pa benchi imodzi. Wosonkhanitsa wozindikira sakhulupirira kwambiri dzina la kumutu. Amayang'ana maumbidwe a mutuwo, kasemedwe ka chidendene cha khosi ndi mtundu wa tingowe, chifukwa mmenemo ndi mmene dzanja la wopanga limadziulula.

Ndipo kukalamba pakokha si ubwino. Zida zina zotchipa za nthawi imeneyo zinatuluka m'fakitale zili zolakwika kale: timipiringidzo tachitsulo ta pakhosi, ma fret, anatikhoma posayenera, moti ngakhale mmisiri atachita zotani sizidzalira molondola. Choterocho n'chokolowekera pakhoma. Amene akufuna choimba ayenera kutenga tepi n'kuyeza asanatulutse ndalama, kuyang'ana khosi modutsa ngati lili lowongoka, ndi kutembenuza kang'oma kuti aone ngati mkombero udakali wozungulira kapena waphwatalala mbali imodzi. Timabowo tating'ono pathabwa tokhala ndi ufa watsopano tikutanthauza kuti chidacho chikufumbwa, ndipo chikalowa m'nyumba chidzapatsira zinzake.

Chikafika pa benchi ya wokonza, ntchito yoyamba si kumasula. Ndi kujambula zithunzi mbali zonse ndi kukonzeratu timabokosi toikamo tizitsulo. Banjo ukulele ili ndi tizigawo tambiri kuposa mmene imaonekera. Pali mkombero wathabwa kapena wachitsulo, pamwamba pake chikopa. Chikopacho chimapindidwa pa kawaya kozungulira kobisika, ndipo pamwamba pa kawayako pamakhala lamba wachitsulo amene amakokedwa pansi ndi tingowe, kalikonse ndi nati yake. Zotchipa zimakhala ndi tingowe tochepa, zapamwamba tambiri. Nati ya zaka 90 yogwidwa ndi dzimbiri siikakamizidwa. Amaidonthezera mafuta olowerera, kuisiya masiku angapo, n'kuyesa pang'ono, ikakana, kudonthezanso. Kangowe kakathyoka, mavuto ayambika, chifukwa mazinga a ku Britain a nthawi imeneyo ndi osiyana ndi a ku America, ndipo onsewo ndi osiyana ndi a m'sitolo za lero. N'chifukwa chake okonza amagula ngakhale zida zophwanyikiratu, kuti azichotsako tingowe, ndipo pomasula amasunga kangowe kalikonse pamodzi ndi nati yake.

Pa chikopa ndi pamene pali mtsutso weniweni. Chinkakhala cha mwana wa ng'ombe kapena cha mbuzi, chopalidwa mpaka kupyapyala moti kuwala kumadutsa. Kwa ana a sukulu a m'ma 1920 chinali pepala loyera lomwe likungowayembekezera. Analembapo mayina a anzawo ndi inki, masiku a madansi, mayina a matauni amene anafikako, nkhope za atsikana a tsitsi lodula, nthabwala zimene tanthauzo lake linapita ndi eni ake. Pamalo pamene zala zinkakhudza pamakhala chibanga chakuda chosalala, ndipo kuchokera pa chibangacho munthu atha kudziwa ngati mwini chida ankamenya nsambo pafupi ndi khosi kapena pakati, ngati anali wamanzere, ngati anaimba zaka zambiri kapena anatopa nacho msanga. Thabwa ndi zitsulo zinapangidwa m'fakitale mofanana ndi zina masauzande. Chikopa chokha ndicho chimanena za munthu amene anali nacho.

Koma chikopa chomwecho chimakhala chitauma, chitalobodoka pakati, mwina chitang'ambika m'mphepete. Kuchikunga kuti chilire n'kuchiphulitsa. Osonkhanitsa ena amati chisakhudzidwe, chida chikhale m'kabati yagalasi mmene chinapezekera. Ena amang'amba n'kutaya, n'kuikapo pulasitiki ya mtundu umene kampani ya Remo inayamba kupangira ng'oma mu 1957, umene susamala za mvula kapena dzuwa. Kwa ine onsewa akutaya kanthu. Chida chosalira chasiya kukhala chida, ndipo zolembedwa zija zikapita kudzala sizidzabweranso. Njira yanzeru ilipo, ngakhale ndi yochedwa. Ngati kung'ambika kuli kochepa, kachigamba ka chikopa chakale komata kunsi ndi guluu wa zikopa kamagwira bwino ndipo sikaoneka pamwamba. Ngati chatheratu, amachichotsa chathunthu pamodzi ndi kawaya kake, kuchisunga chogona pakati pa makatoni awiri, ndipo chida chikagulitsidwa chikopacho chimapita nacho. Chatsopano chimapindidwa pa kawaya kena. Akatero palibe chimene chachitika chosatheka kuchibweza.

Kuwamba chikopa chatsopano ndi ntchito ya mphindi zochepa za changu ndi masiku angapo odikira. Amachidula chozungulira, chachikulu kuposa mkombero ndi zala zitatu mbali zonse, n'kuchiviika m'madzi osatentha mpaka chifewe. Amachifinya pa thaulo, kuchiyala pa mkombero mbali ya ubweya ili kumwamba, n'kukanikizira kawaya kaja pansi. Kenako pamabwera povuta: m'mphepete monse mwa chikopa muyenera kupindidwira m'mwamba ndi kudutsa m'kati mwa lamba wachitsulo, zala zikuterera, makwinya akusonkhana mbali imodzi pamene ukukoka inayo. Amakoka pang'onopang'ono mozungulira mpaka makwinya onse atathe, n'kukoleka tingowe tinayi toyang'anizana, osamanga kwambiri. Lamba amamusiya atatukuka pang'ono pamwamba pa chikopa, kuti mtsogolo muno pakhale poti n'kukokera. Oimba ng'oma kwathu kuno amaiyandikiza kumoto kuti ikungike gule asanayambe, ndipo mfundo yake ndi yomweyi, yoti chikopa chimamwa chinyezi n'kufooka, chikauma n'kulimba. Koma banjo ukulele siyandikizidwa kumoto kapena kuikidwa padzuwa: chikopa chake n'chopyapyala, chimauma mbali imodzi n'kusweka, ndipo guluu wa khosi amasungunuka. Chimauma chokha pamthunzi tsiku limodzi kapena awiri. Chikauma amadula zotsalira ndi lezala, mpeni wake utayang'ana ku lamba osati ku chikopa, n'kuyamba kumanga manati modumphitsa, iyi kenako ya kutsidya kwake, kotala ya kuzungulira pa nthawi imodzi.

Khosi limalumikizidwa ku kang'oma ndi ndodo yodutsa pansi pa chikopa, yomatidwa m'chidendene cha khosi. Zaka zikapita guluu amatopa, khosi limaweramira kutsogolo, nsambo n'kutalikira moti kuzikanikiza kumapweteka zala. Guluu wakale anali wophika kuchokera ku zikopa ndi ziboda, ndipo ubwino wake ndi woti nthunzi yotentha imamumasula, ndodo n'kutuluka, kupalidwa ndi kumatidwanso pa ngodya yoyenera. Tsoka ndi kulandira chida chimene wina anathiramo kale epoxy kapena supaguluu. Pamenepo ntchito ya ola limodzi imasanduka ya kuboola ndi kusema ndodo yatsopano. Okonza abwino amagwiritsabe guluu wa zikopa lero, osati chifukwa chokonda zakale, koma poganizira mmisiri amene adzachitsegule iwo atapita.

Pa zitsulo ndi vanishi, chiyeso chachikulu ndi kufuna kuti ziwale. Zitsulo zambiri ndi za buraasi wokutidwa ndi nickel yopyapyala kwambiri, ndipo zapamwamba zina anazikuta ndi golide n'kuzojambula maluwa. Sandipepa amadutsa chikutocho m'kanthawi kochepa, chikasu cha pansi n'kutulukira m'mabangamabanga. Kukazikutitsanso kufakitale kumazibweza zikunyezimira, koma maluwa aja atafufutika ndi makina opukutira, ndipo wosonkhanitsa akaona kunyezimira kotero amatsitsa mtengo m'malo mokweza. Sopo pang'ono, kansalu kofewa ndi polishi wofatsa n'zokwanira. Vanishi wakale naye amangopukutidwa. Zambiri anazipaka shellac, imene mowa wa spirit umasungunula, kotero kadontho kamodzi kosasamala kamasiya chilema. Chimene sichiyenera kuchitiridwa chifundo ndi celluloid, pulasitiki yoyambirira imene ankakongoletsera khosi ndi zogwirira za zikhomo. Ikayamba kuwola imasweka timing'alu n'kumatulutsa mpweya wa asidi, umene m'bokosi lotseka umadya zitsulo zonse zoyandikana nayo. Imayakanso moto msanga. Yoteroyo imachotsedwa. Ndipo wogula kuchokera kunja azikumbukira kuti tizigawo tina toyera pa zida zapamwamba ndi mnyanga wa njovu, umene malamulo a maiko otchedwa CITES salola kuwolotsa malire popanda zikalata. Ku Britain lamulo la 2018 limalola kugulitsa chida choimbira chokhala ndi mnyanga pokhapokha chinapangidwa isanafike 1975, mnyangawo uli wosakwana 20 peresenti, ndipo chalembetsedwa.

Nsambo ndi pamene wowerenga wa ku Malawi ayenera kusamala kwambiri. Banjo imene timaidziwa ife, ya chigubu cha mafuta ndi khosi losema pamanja, yomwe oimba ngati Alan Namoko anaikweza mpaka pawailesi, imalira ndi waya, nthawi zambiri wochotsa ku buleki ya njinga. Banjo ukulele yakale sinapangidwire waya. Inatuluka ndi nsambo za matumbo a nkhosa, ndipo khosi lake lilibe chitsulo cholimbitsa m'kati. Waya amalipinda m'miyezi yochepa, amadya ma fret, ndipo zikhomo zake, zimene zimagwira mwa kuthina chabe popanda magiya, sizingamuletse kubwerera. Zida zambiri zopindika zimene okonza amalandira zinaphedwa motero. Za nayiloni kapena fluorocarbon ndizo zoyenera, ndipo zikasowa, twaini wa mbedza wa makulidwe osiyanasiyana amagwira ntchito, popeza nsambo zambiri za m'sitolo n'zopangidwa ndi zinthu zomwezo. Chikhomo choterera amachikhwimitsa ndi kasikuluu ka kumapeto kwake, mwina n'kusintha kawashala kotha. Kuboola mutu kuti alowetse zikhomo zamagiya ndi kosavuta, koma bowo likakula silichepanso.

Chomaliza ndi kamtengo konyamula nsambo pamwamba pa chikopa, kamene oimba amakatcha bridge. Sikamatidwa, kamangopanikizidwa ndi nsambo, kotero pa chida chakale kamakhala katasochera kapena kataima posayenera, ndipo ambiri amene amati chida chawo n'chonama vuto lake limakhala lokhali. Malo ake amapezeka ndi tepi: mtunda wochokera poyambira nsambo kumutu kufika pa fret ya 12 uyenera kufanana ndi wochokera pa fret ya 12 kufika pa kamtengoko. Pa zida zambiri za nthawi imeneyo nsambo yonse imakhala ya mainchesi 13 kapena 14. Khutu limamaliza zotsala: ngati mawu a pa fret ya 12 akwera mopitirira, kamtengo kamakankhidwira kumchira pang'ono, akatsika kamabwezedwa chakukhosi. Lero ambiri amachuna G, C, E, A, nsambo yoyamba kumwamba ili yokwera mawu osati yotsika monga pa gitala, koma mapepala ambiri a nyimbo a m'ma 1920 ndi 1930 analembedwera A, D, F sharp, B, ndipo zida zing'onozing'onozi zimalira mowala zikakwezedwa choncho. Chikopa chatsopano chimapitiriza kutamuka kwa masabata angapo. Miyendo ya kamtengo kaja ikayamba kumira ndipo mawu akayamba kugonthera, manati amafuna kotala ina, mbali zonse mofanana, ndipo nyengo ya mvula ikatha n'kubwera yowuma amafuna kumasulidwa pang'ono chikopa chisanadzikoke chokha n'kusweka.